PHUNZIRO LA CINGEREZI: MNENI WOSANDUKA DZINA

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, nkhani yathu ya lero iri pa tizilembo titatu ta m'Cingerezi, *i*, *n* ndi *g*, timene timaphatikidwa kumapeto kwa mneni. Tizilembo timeneti n'tating'ono, koma tagwetsa ana ambiri pa mayeso, ndipo tacititsa manyazi ngakhale akulu ophunzira polemba makalata ofunsira nchito. Mwana amene alemba kuti *I enjoy to play football* asayesedwe wopusa. Iye waganiza bwino m'Cinyanja, nati "Ndimakonda kusewera mpira", ndipo ku- uja wa kusewera wamsandutsa *to* monga anaphunzirira m'makalasi oyamba. Cimene sanauzidwe n'cakuti pamene ife tiri ndi njira imodzi, Cingerezi ciri nazo ziwiri.

Tiyeni tiyambire kwathu. Tengani mneni -lima. Mukaika ku- patsogolo pake, mupeza liu lakuti kulima. Liu limeneli ligwira nchito ziwiri. Licita monga mneni, pakuti tinena kulima cimanga, kulima nshawa, kulima mofulumira. Komanso liima pamalo a dzina ndi kulamulira mau ena monga momwe maina onse acitira. Tamverani ciganizo ici: "Kulima kwa atate kumayamba mvula isanagwe." Tinena munda wa atate, khasu la atate, ndiponso kulima kwa atate; tinena munda umatopetsa, ndiponso kulima kumatopetsa. Cotero kulima ndi dzina lenileni, lokhala ndi gulu lake. Akatswiri a zinenero za Cibantu, potsata mawerengedwe amene anayambidwa ndi Wilhelm Bleek nakonzedwa ndi Carl Meinhof, amaika maina otere m'gulu la 15. Anzathu olankhula Cibemba ali nalo gulu limeneli pamene ati ukulya, a Citonga pamene ati kulya. Ngakhale miyambo iwiri yochuka m'dziko lathu iri ndi maina a mtundu umenewu: Kulamba, pamene Acewa amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete kudzalemekeza Kalonga Gawa Undi, ndi Kuomboka, pamene Litunga wa Alozi amacoka ku Lealui madzi atasefukira kunka kumtunda ku Limulunga. Maina awiriwa ndi aneni amene asanduka maina.

Mneni wosanduka dzina m'Cingerezi amachedwa *gerund*. Liu limeneli linacokera ku Cilatini, ku mneni *gerere*, ndiko kuti kunyamula kapena kucita. Ana inu musabvutike kuliloweza. Cofunika n'kuzindikira cinthuco mukakumana naco. *Swimming is good for the body.* Kusambira n'kwabwino kwa thupi. *Tisa likes cooking nshima.* Tisa amakonda kuphika nsima. *Swimming* waima kumayambiriro monga mwini nkhani, *cooking* waima pambuyo pa mneni, natenganso cophikidwaco. Zonsezi n'zimene kulima kwathu kuja kumacita.

Pali kufanana kwina kumene aphunzitsi ambiri sakuona. M'Cingerezi *-ing* amapezekanso ponena za cinthu cocitika tsopano lino: *Father is digging.* Ifenso tinena "Atate ali kulima", ndipo ku- yemwe uja wabweranso. Tsono mwana wa Cinyanja sadabwa kuona kaphatikizo kamodzi kakugwira nchito ziwiri, cifukwa kwao n'cimodzimodzi. Kale, zaka ngati 1,000 zapitazo, Cingerezi cinali ndi mathero awiri osiyana: *-ung* kapena *-ing* wa maina, ndi *-ende* wofotokoza munthu ali pakati pa kucita kanthu. Pakati pa zaka za 1100 ndi 1500 mathero awiriwa anasanganikirana, natsala *-ing* yekha. Cifukwa cake akatswiri ena amakono safuna n'kuwalekanitsa komwe. Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum, m'buku lao lalikulu la galamala la 2002, anawapatsa dzina limodzi lophatikiza. Koma m'kalasi la pulaimale kulekanitsa kumathandizabe, ndipo pali muyeso wapafupi. Cotsani liu la *-ing*, muikepo *it*. *I enjoy swimming* asanduka *I enjoy it*, ndipo ciganizo ciri bwino. Ndiye kuti *swimming* ndi dzina. *Mabvuto is swimming* asanduka *Mabvuto is it*, zopanda tanthauzo. Ndiye kuti apa *swimming* ndi mbali ya mneni cabe.

Bvuto liyamba apa. Ku- wathu mmodzi, Cingerezi cimamgawa pawiri: nthawi zina *to swim*, nthawi zina *swimming*. Mwana afunika kudziwa posankha. Mwamwai pali lamulo limodzi limene silisintha, ndipo ndi limene muyenera kuyamba nalo. Pambuyo pa mperekezi, ndiko kuti timau monga *in*, *on*, *at*, *of*, *for*, *by*, *about*, *without*, *before* ndi *after*, mneni amatenga *-ing* nthawi zonse. Cifukwa cake n'cosabisika. Mperekezi amaperekeza dzina, ndipo mneni akafuna kuima pamalo a dzina ayenera kubvala cobvala ca dzina.

*Misozi is good at singing.*
*He left without paying.*
*We are tired of waiting for the bus.*
*You learn English by speaking it.*

Onani ciganizo caciwiri. M'Cinyanja tinena "Anacoka popanda kulipira", ndipo mwana akaona kulipira dzanja lake limathamangira kulemba *without to pay*. Cacinai ndico cimene ife tinena "mwa kulankhula". Koma *before* ndi *after* ali ndi msampha wao, pakuti kwathu sitigwiritsa ku- pamenepa. Tinena "Samba m'manja usanadye", ndi "Atadya anagona". Cingerezi citi *Wash your hands before eating* ndi *After eating, he slept*. Cenjezani ana kuti wocita zinthu ziwirizo akhale munthu mmodzi. Mwana akalemba kuti *After eating, the plates were washed*, wanena kuti mbale ndizo zinadya. Kalasi likaseka kamodzi pa ciganizo cotere, siliiwalanso.

Gawo laciwiri n'lolemerapo, cifukwa liribe lamulo lokwana. Aneni ena a Cingerezi amafuna *-ing* pambuyo pao, ena amafuna *to*. Ofuna *-ing* amene mwana wa pulaimale akumana nao kawirikawiri ndi *enjoy*, *finish*, *avoid*, *keep*, *mind*, *practise*, *suggest*, *deny* ndi *give up*. Ofuna *to* ndi *want*, *hope*, *decide*, *promise*, *refuse*, *agree* ndi *plan*. Mukawayang'anitsitsa a gulu laciwiri, muona kuti ambiri anena za cinthu cimene sicinacitike, ciri m'tsogolo: munthu afuna, ayembekeza, alonjeza. A gulu loyamba ambiri anena za nchito imene munthu aidziwa kale kapena ali pakati pake. Ici cingathandize mphunzitsi, koma musacipereke kwa ana monga lamulo, pakuti *avoid* ndi *suggest* ayang'ananso m'tsogolo, komabe atenga *-ing*. Njira yoona ndiyo kuzoloweza khutu. Mwana amene wanena ndi kumva *finish writing*, *finish sweeping*, *finish eating* nthawi makumi awiri, akamva *finish to write* khutu lake lomwe lidzakana, monga likana mlendo akati "nyumba wanga".

Aliponso aneni ofatsa amene alandira zonse ziwiri, monga *like*, *love*, *hate*, *begin*, *start* ndi *continue*. *It began raining* ndi *It began to rain* n'zofanana, ndipo musataye nthawi ya phunziro kufunafuna kusiyana kwake. Dziwani cabe kuti *would like* afuna *to*: *I would like to go.*

Amene ayenera kupatsidwa nthawi yokwana ndi aneni anai amene tanthauzo lao limatembenuka. Pano Cinyanja citithandiza kwambiri, cifukwa cimalekanitsa bwino lomwe zimene Cingerezi cabisa m'kaphatikizo.

*Grandfather stopped smoking.* Agogo analeka kusuta fodya.
*Grandfather stopped to smoke.* Agogo anaima kuti asute fodya.

M'ciganizo coyamba dokotala akondwera. M'caciwiri agogo akhala pansi pa mtengo, natulutsa kaliwo wao. Ife tiri ndi aneni awiri, kuleka ndi kuima, pamene Cingerezi ciri ndi *stop* yekha. Uzani ana kuti pamene m'Cinyanja angaikepo "kuti", monga "anaima kuti amwe madzi", Cingerezi cidzafuna *to*. Woyendetsa basi yocokera ku Lusaka kunka ku Chipata akafika pa mlatho wa Luangwa, *he stops to rest*. Ndipo pamene wacita zimenezo, *he has stopped driving*. Ziganizo ziwirizi zinena za mphindi imodzi yomweyo, ndipo ana akaziona pamodzi amamvetsa msanga.

*Remember* ayenda motere. *Remember to lock the door* ndiko kuti citseko sicinakhomedwe, kumbukira kucikhoma. *I remember locking the door* ndiko kuti ndikumbukira kuti ndinacikhoma. Nchito inacitika kale. *Forget* acitanso cimodzimodzi. Ndipo *try*: *Try to lift this bag* anena za kuyesetsa cinthu colemera cimene mwina cingakukanike, koma *Try adding salt* ndi uphungu wa amai kwa mwana wao pamene ndiwo sizikukoma, "Tathira mcere uone." Kuthira mcere sikubvuta, cimene tiyesa n'cotulukapo cake.

Tsopano tifike pa colakwa cimene cimatsata munthu kufikira ukulu. Makalata ambiri amatha ndi mau akuti *I look forward to hear from you*. Wolembayo waona *to*, nakumbukira kuti pambuyo pa *to* pamabwera mneni wosaphatikidwa kanthu. Komatu m'Cingerezi muli *to* wamitundu iwiri. Wina ndi uja wa *to go*, wina ndi mperekezi, wofanana ndi "ku" wa "ku msika". Wa *look forward to* ndi mperekezi, motero lamulo lathu losasintha lija ligwira: *I look forward to hearing from you.* Muyeso wake ndi uwu. Ikani dzina wamba pambuyo pa *to*. *I look forward to the holidays* amveka bwino, ndiye kuti *to* ameneyu ndi mperekezi, ndipo mneni adzatenga *-ing*. *I want to the holidays* samveka, ndiye kuti *to* wa *want* ndi wa mtundu winawo. Muyeso womwewu ulekanitsa *I am used to walking to school*, ndinazolowera kuyenda pansi popita kusukulu, ndi *I used to walk to school*, kale ndinkayenda pansi koma tsopano ndinaleka. Mwana wa pulaimale amene aphunzira kutsiriza kalata moyenera wapeza cinthu cimene cidzamthandiza tsiku limene adzalembera mkulu wa nchito amene sanamuonepo nkhope, amene adzamweruza ndi pepala lokha.

Pali kanthu kena kamene ana okalamuka adzakufunsani. Popeza *gerund* ndi dzina, akhoza kukhala ndi mwini wake: *my coming*, *his singing*. Kwa ife ici n'capafupi, pakuti ndico "kubwera kwanga" ndi "kuimba kwake". Koma eni ake a cinenero polankhula amakonda kunena *Do you mind me sitting here?* m'malo mwa *my sitting*. H. W. Fowler, m'buku lake la 1926 la kagwiritsidwe ka Cingerezi, anadzudzula kwambiri kanenedwe kameneka, ndipo katswiri wa ku Denmark, Otto Jespersen, anamtsutsa, nasonyeza kuti olemba mabuku omveka akhala akulemba motero kwa zaka zambiri. Ngati akulu otere sanamvane, sikoyenera kuti mwana wa Giredi 6 adulidwe ndi colembera cofiira cifukwa ca nkhani imeneyi. Phunzitsani *my* polemba kalata ya ulemu, ndipo mulole *me* polankhula. Koma yankho la funso la *mind* licenjeredwe. Mlendo akafunsa *Would you mind opening the window?* wafunsa ngati kutsegula zenera kungakusautse. Mwana waulemu amafulumira kunena *Yes*, osadziwa kuti wakana. Wobvomera anena *No, not at all*, natsegula.

Za kalembedwe tinene mwacidule. *E* wosamveka wa kumapeto amagwa: *write*, *writing*, *come*, *coming*. Ana ambiri amalemba *t* ziwiri m'liu la *writing* cifukwa anaona *written*. Lembani mau awiriwa pa bolodi moyandikana, akhale pamenepo mlungu wathunthu. Mau aafupi monga *run*, *sit*, *swim* ndi *stop* amabwereza cilembo cotsiriza: *running*, *sitting*, *swimming*, *stopping*. *Begin* acitanso motero cifukwa mphamvu ya liu iri kumapeto, *beginning*, pamene *visit* ndi *open* sabwereza. *Hoping* ndi kuyembekeza, *hopping* ndi kudumpha ngati cule. *Lie* ndi *die* apereka *lying* ndi *dying*, koma *y* wa *study* sacoka, *studying*. Kuno titsata kalembedwe ka ku Britain, motero tilemba *travelling* ndi *l* ziwiri. Mwana akaona *traveling* m'buku la ku America kapena pa intaneti, muuzeni kuti si colakwa ca osindikiza.

Kachulidwe nako kafuna cisamaliro. Mau a Cinyanja amatha ndi *a*, *e*, *i*, *o* kapena *u*, ndipo lilime la mwana limafuna kuonjezapo *i* kumapeto, nati "swimingi". Komabe phokoso la kumapeto kwa *-ing* tiri nalo kwathu. Ndi lija la ng'ombe, ng'oma ndi ng'ona, losiyana ndi la ngolo kapena nguluwe. Uzani ana ayambe kunena ng'ombe, koma aime asanafike pa *o*, nakoke phokosolo m'mphuno. Pambuyo pake anene *sing*, kenaka *singing*, m'mene phokoso la ng'ombe lipezeka kawiri.

Aphunzitsi ena amaopa kuchula Cinyanja pa phunziro la Cingerezi. Malamulo a cinenero cophunzitsira asinthidwa kangapo m'dziko lathu: mu 1966 Cingerezi cinakhazikitsidwa kuyambira Giredi 1, mu 2014 zinenero za m'dziko zinapatsidwa Giredi 1 kufikira 4, ndipo pambuyo pake pakhalanso kusintha. Koma pansi pa lamulo liri lonse mwana amabwera kusukulu ndi cinenero ca amake m'mutu, ndipo amaganiza naco kaya mwamlola kaya mwamletsa. Mphindi ziwiri zofanizira "analeka" ndi "anaima kuti" zimacita zimene theka la ola la kufotokoza m'Cingerezi cokha silingacite. Mukatha kufaniza, bwererani ku Cingerezi, ndipo nthawi yotsalayo ana alankhule.

Kulankhula kuyambe, kulemba kutsate. M'kalasi la ana makumi asanu kapena kuposa simungamfunse mwana ali yense payekha, tsono gawani kalasi m'mizere. Inu munene *Dalitso enjoys playing*, mzere woyamba ubwereze. Munene *read*, mzere waciwiri uti *Dalitso enjoys reading*. Munene *want*, mzere wacitatu uti *Dalitso wants to read*. Kusintha mneni woyamba modzidzimutsa ndiko kumene kumadzutsa ogona, pakuti kubwereza kopanda kuganiza kumatopetsa ana popanda phindu. Kenaka akhale awiriawiri, nafunsane zoona za moyo wao: *What do you enjoy doing on Saturday? What are you afraid of doing? What did you finish doing before coming to school?* Mayankho akhale ao enieni, kaya ndi kuweta mbuzi, kutunga madzi kapena kuwedza nsomba. Pamenepo mudzapeza mpata wophunzitsa *go fishing*, *go swimming* ndi *go shopping*, zimene ife tinena ndi -ka-, monga "kukawedza".

Atumeninso ana akayang'ane zikwangwani. Pa cipatala, pa sitolo ndi pamalo omwetsera mafuta a galimoto adzapeza *No smoking*, *No parking*, *Waiting room*. Afunseni ngati cipinda cimeneco ndico ciri kudikira. Adzaseka, nayankha kuti ndi cipinda codikiriramo. Momwemonso *drinking water* ndi madzi akumwa, *walking stick* ndi ndodo yoyendera, pamene *a crying baby* ndi mwana amene ali kulira. Cenjezo limodzi: mukacurutsa masewera a *-ing*, ana amayamba kumwaza *-ing* ponseponse, nalemba *I am having two sisters* ndi *I am knowing him*. Akumbutseni kuti *I have two sisters* ndi *I know him* ndizo zolondola.

Nayi nchito ya ana. Lembani ziganizo izi m'makope anu, ndipo pampata muikepo mneni amene wapatsidwa kumapeto, mutamkonza moyenera.

1. *Zuze has finished ...... his bicycle.* Mneni ndi *mend*.
2. *Mother wants ...... groundnuts at the market.* Mneni ndi *sell*.
3. *Do not cross the road without ...... both ways.* Mneni ndi *look*.
4. *The baby stopped ...... when she saw the milk.* Mneni ndi *cry*.
5. *The thirsty travellers stopped ...... at the well.* Mneni ndi *drink*.
6. *We look forward to ...... our cousins in Petauke.* Mneni ndi *visit*.
7. *Please remember ...... your pencil tomorrow.* Mneni ndi *bring*.
8. *...... in a river with crocodiles is dangerous.* Mneni ndi *swim*.

Kwa aphunzitsi, mayankho ndi awa: *mending*, *to sell*, *looking*, *crying*, *to drink*, *visiting*, *to bring*, *Swimming*. Poconga, onetsetsani ciganizo ca 4 ndi ca 5. Mwana akalakwa cimodzi ca izi, musamuuze yankho. Mfunseni anene ciganizoco m'Cinyanja, ndipo mumvetsere ngati ati "analeka" kapena "anaima kuti". Ngati oposa theka la kalasi alakwa ca 6, bwerezani muyeso wa *the holidays* mawa m'mawa musanayambe phunziro latsopano.